Mlonda ndi Buku la Pageti

M'matauni mwathu, akuba akanyanya, anthu okhala mumpanda umodzi wa nyumba za lendi amasonkha ndalama n'kulemba mlonda. Amamugulira tochi, wenzulo ndi chikhoti cha mvula, kenako amamupatsa buku lachikuto cholimba loti azilembamo alendo pageti. Palibe amene amamufunsa kuti usiku uno abisala pati. Mlonda wolengeza kuti tambala woyamba akamalira akhala ali kuseri kwa mabafa ndiye kuti akugwirira ntchito akuba. Chinsinsi chimenechi aliyense amachivomereza, ndipo n'choyenera.

Mabungwe a akazitape ndi alonda a dziko, ndipo ntchito yawo ndi yeniyeni. Kunja kuno kuli anthu otchera mabomba, ozembetsa ana ndi ogulitsa zinsinsi za asilikali, ndipo anthu otere sapangana zochita zawo pabwalo. Choncho ine sindili m'gulu la amene amati akazitape angotha. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi chinsinsi chachiwiri chimene chimakonda kubisala kumbuyo kwa choyambacho, ndicho kubisa malamulo amene mlondayo akuyendera. Eni mpanda angathe kukhala osadziwa pamene mlonda waima, koma sayenera kukhala osadziwa zimene amulola kuchita, amene angamuletse, ndi koti akadandaule akawalakwira. Mbiri ya dziko la America imaonetsa bwino nkhaniyi, chifukwa kumeneko zambiri zimene kwina zimathera mumdima zinatulukira poyera, mapepala ake n'kuwerengedwa ndi aliyense.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, asilikali a dzikolo anapempha makampani atatu a matelegalamu, Western Union, RCA ndi ITT, kuti azipereka makope a mauthenga olowa ndi otuluka m'dzikomo. Makampaniwo anavomera. Bungwe la akazitape la NSA litakhazikitsidwa mu 1952 linapitiriza ntchitoyi mpaka 1975, popanda chilolezo cha khoti lililonse. A CIA nawo ankatsegula makalata a anthu wamba opita ndi ochokera ku Soviet Union, kuwajambula, kuwamatanso bwinobwino n'kuwabweza ku positi. Makalata oposa 200,000 anatsegulidwa motero. Koma amene anafika patali ndi a FBI pansi pa J. Edgar Hoover, munthu amene anakhala pampando wa bungwelo zaka 48. Mbusa Martin Luther King Jr. anawatchera khutu pa lamya, anawabisira zojambulira mawu m'zipinda za mahotela, ndipo mu 1964 anawatumizira tepi pamodzi ndi kalata yopanda dzina, imene iwo ndi anzawo anaimva kuti ikuwauza kuti adziphe. Chaka chomwecho a King analandira mphoto ya Nobel ya mtendere. Mlandu wawo unali wofuna kuti munthu wakuda aziponya voti ndi kukhala pamalo alionse ngati mzungu.

Apa mpamene mlonda amasokera, ndipo nthawi zambiri sayamba ndi mtima woipa. Analembedwa kuti aziyang'ana kunja kwa mpanda kumene akuba amachokera. Koma amene amamuona tsiku ndi tsiku ndi eni nyumbawo, osati akuba. Bukulo likapanda kuonedwa ndi wina aliyense, posachedwa landilodi amuitanira pambali kuti amuuze amene akusonkhanitsa anzake kuti akane kukwera kwa lendi. Kuyambira tsiku limenelo, wotsutsa landilodi ndi wakuba amalembedwa patsamba limodzi.

Zochita za mabungwe a ku America aja zinayamba kuululika mu 1971, anthu ena atathyola ofesi yaing'ono ya FBI m'tauni ya Media ku Pennsylvania n'kutumiza mafayilo ku nyuzipepala, komanso kumapeto kwa 1974 pamene mtolankhani Seymour Hersh analemba mu New York Times za akazitape a CIA ofufuza nzika za dziko lawo lomwe. Mu 1975 nyumba ya Senate inakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi a Frank Church a ku Idaho, imene inaitana akuluakulu a mabungwewa, kuwafunsa ndi kusindikiza zimene inapeza. Zotsatira zake zinali ziwiri zazikulu. Aphungu anakhazikitsa makomiti okhazikika oyang'anira akazitape, ndipo mu 1978 anapanga lamulo la FISA, lakuti boma likafuna kumvetsera mobisa munthu wa m'dzikomo pa nkhani za ukazitape liyambe lapempha kwa majaji a khoti lapadera. Mkulu wa FBI nayenso anamuikira malire a zaka 10.

M'mawu a mumpanda muja, anthu anagwirizana kuti mlonda asasuzumire pawindo la munthu asanapite kwa tcheyamani kukafotokoza chifukwa, ndiponso kuti anthu angapo osankhidwa aziona buku lake mwezi ndi mwezi. Ndi mfundo zabwino, ndipo zinathandizadi. Koma zinali ndi mabowo awiri amene sanaoneke msanga. Tcheyamani ankamva mbali ya mlonda yekha, chitseko chotseka, mwini windo kulibe ndipo palibe womuyankhulira. Pakati pa 1979 ndi 2012 khoti la FISA linalandira mapempho pafupifupi 34,000 ndipo linakana 11 okha. Oliikira kumbuyo amati mapempho ambiri ankabwezedwa kuti akakonzedwe asanavomerezedwe, ndipo zimenezi zingakhale zoona ndithu, komabe munthu wa kunja analibe njira yodzionera yekha. Bowo lachiwiri linali lakuti oona buku aja analumbiritsidwa kuti asauze anzawo zimene aona.

Pa 11 September 2001 zigawenga zinapha anthu pafupifupi 3,000, ndipo mwezi wotsatira aphungu anavomereza lamulo la Patriot Act ali ndi mantha ndi chisoni chachikulu. Sindiwaweruza mopepuka, pakuti pamudzi pakagwa maliro otero aliyense amafuna kuti mlonda apatsidwe chilichonse chimene wapempha. Gawo 215 la lamuloli linalola boma kutenga zolembedwa zokhudzana ndi kafukufuku wa uchigawenga. Wowerenga wamba akanamva kuti akunena zolembedwa za munthu woganiziridwa. Koma kuyambira 2006 khoti lachinsinsi lija linavomereza tanthauzo lina, lakuti popeza foni ya chigawenga ili penapake pakati pa mafoni onse, ndiye kuti mafoni onse akukhudzana ndi kafukufukuyo. Makampani a mafoni anayamba kupereka tsiku ndi tsiku kaundula wa pafupifupi aliyense: nambala yoimba, nambala yoimbiridwa, nthawi, ndi kutalika kwa kukambiranako. Lamulo lolembedwa linali poyera, koma tanthauzo limene boma linkagwiritsa ntchito linali m'kabati yokhoma.

Nkhaniyi itaphulika mu 2013, Pulezidenti Barack Obama anatsimikizira anthu kuti palibe amene akumvetsera zokamba zawo pafoni. Pa kaundula ameneyu ananena zoona: mawu sankajambulidwa. Zimene ankasonkhanitsa ndi zimene akatswiri amazitcha metadata, ndipo anthu ambiri atamva zimenezi mitima inakhala pansi. Koma tiyeni titsegule buku la pageti lija tione. Mlonda sanalowe m'nyumba ya munthu, sanamve liwu ndi limodzi lomwe. Anangolemba kuti ku nyumba yachitatu kunabwera ankhoswe Lachiwiri madzulo, anabweranso Lachisanu n'kukhala maola atatu, ndipo Loweruka m'mamawa mayi a m'nyumbamo anatuluka ndi chikwama chachikulu ndi ana. Analemba kuti ku nyumba yachisanu kumabwera munthu wa katapila pa 28 mwezi uliwonse, ndipo mwezi uno wabwera kanayi. Analemba kuti mnyamata wa nyumba yomaliza amatuluka tsiku lomwelomwelo miyezi itatu iliyonse m'bandakucha, tsiku limene kuchipatala amapereka mankhwala otalikitsa moyo. Analembanso kuti usiku woti mawa lake nyuzipepala itulutsa nkhani ya katangale wa ku ofesi ina, mtolankhani anacheza kwa kalaliki wa ku ofesi yomweyo. Kodi pali chimene chatsala kuti mlondayu adziwe? Zokamba za anthu zimakhala zazitali, zokuluwika, zina zabodza, ndipo zimafuna munthu wokhala pansi n'kumvetsera. Buku la pageti ndi lalifupi, silinama, ndipo kompyuta imatha kuwerenga mabuku a dziko lonse kamodzin'kamodzi n'kuonetsa amene amadziwana ndi yani. A Michael Hayden, amene anatsogolerapo NSA ndi CIA, ananena poyera mu 2014 kuti dziko lawo limapha anthu potengera zolembedwa za mtundu umenewu, ngakhale anawonjezera kuti sanali kunena za kaundula wa nzika za America.

Anthu ena amati, ine ndilibe chobisa, aone. Mawu amenewa ndimawamvetsa, koma sindigwirizana nawo. Mayi wotuluka ndi chikwama uja sanaphwanye lamulo, mnyamata wa mankhwala uja sanabe kanthu, ndipo kalaliki uja mwina ndiye wapulumutsa ndalama za msonkho wathu. Onsewa ali ndi choti asunge, ndipo wogwira bukulo ali ndi chingwe pakhosi pawo. Komanso bukulo silitha ntchito boma likasintha. Amene mukumukhulupirira lero adzachoka, mafayilo n'kutsalira wobwera pambuyo pake.

Nanga oona buku aja anali kuti? Ena anaona ndipo zinawawawa. Mu 2011 a Ron Wyden ndi a Mark Udall, aphungu a mu komiti ya Senate yoyang'anira akazitape, anachenjeza kuti anthu adzadabwa ndi kukwiya akadzadziwa mmene boma likumasulira lamuloli, koma sakanatha kunena chimene ankatanthauza popanda kuphwanya lumbiro. Pa 12 March 2013 a Wyden anafunsa mkulu wa akazitape onse, a James Clapper, pamaso pa makamera, ngati NSA imasonkhanitsa zilizonse zokhudza mamiliyoni a nzika za America. A Clapper anakana, nati ngati zimachitika ndiye kuti si mwadala. Wofunsayo ankadziwa kuti yankholo si loona, koma sakanatha kulitsutsa pomwepo. Patapita miyezi, zinthu zitaululika, a Clapper anapepesa kuti analakwitsa, ndipo anakhalabe pampando mpaka 2017.

Ku makhoti wamba nako chitseko chinali chotseka. Mu February 2013, khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linataya mlandu wa bungwe la Amnesty International pamodzi ndi maloya ndi atolankhani amene ankatsutsa lamulo lina la kumvetsera mobisa. Majaji 5 mwa 9 anati odandaulawo sanaonetse umboni woti iwowo akumvetseredwadi. Taganizirani bwino. Kuti mukasume muyenera kutsimikiza kuti mlonda anasuzumira pawindo panu, koma umboni wake uli m'buku limene lamulo likukuletsani kuliona.

Mu June 2013 nyuzipepala ya The Guardian inasindikiza chikalata cha khoti lachinsinsi cholamula kampani ya Verizon kupereka kaundula wa makasitomala ake onse. Amene anachitulutsa, pamodzi ndi mafayilo ena ochuluka, anali Edward Snowden, mnyamata wa zaka 29 amene ankagwira ntchito za kompyuta za NSA ku Hawaii kudzera ku kampani ya Booz Allen Hamilton. Anathawira ku Hong Kong, kenako anakathera ku Moscow kumene ali mpaka pano, ndipo kwawo akumudikira ndi milandu ya pansi pa lamulo la ukazitape la 1917. Anthu amagawanika pa za iye. Anaphwanyadi lamulo, anatenga mafayilo ambiri osakhudza nzika wamba, ndipo dziko limene likumusunga limatsekera atolankhani ake. Zonsezi n'zoona. Koma n'zoonanso kuti atangotulutsa chikalata chija, anthu anapeza umboni umene khoti linkafuna. Mu May 2015 khoti la apilo ku New York linagamula kuti gawo 215 silinalolepo kusonkhanitsa kaundula wa anthu onse, ndipo mu 2020 khoti lina la apilo linanenanso kuti ntchitoyi inali yosemphana ndi lamulo. Bungwe la boma lomwelo loona za ufulu wa anthu pa nkhani za chitetezo linafufuza n'kunena mu January 2014 kuti silinapeze mlandu ndi umodzi womwe wa chiwembu pa dzikolo umene kaundulayu anasintha mathero a kafukufuku wake. Chinanso chimene chinatuluka m'masiku amenewo n'chochititsa manyazi: wofufuza wamkati wa NSA anavomera kuti pa zaka pafupifupi 10 panapezeka milandu 12 ya antchito ogwiritsa ntchito makinawo molakwika mwadala, ambiri mwa iwo pofufuza akazi awo, amuna awo kapena zibwenzi.

Kwa ine, phunziro lowawa lili pamenepa. Panali makomiti, panali majaji, panali ofufuza amkati, koma chinthu chosaloledwa chinayenda zaka zambiri mpaka munthu mmodzi anataya kwawo, ntchito yake ndi ufulu wake. Dongosolo lodalira kuti wina adzipereke nsembe chotero ndi lodwala.

Mu June 2015 aphungu anapanga lamulo la USA Freedom Act. Kaundula anayenera kukhala ku makampani, boma n'kumapempha za nambala zimene likuziganizira. Khoti lachinsinsi linapatsidwa akatswiri oima paokha oti aziyankhulira mbali ya ufulu wa anthu pa milandu yovuta, ndipo zigamulo zake zikuluzikulu zinayamba kutulutsidwa poyera. Mu 2019 NSA inasiyiratu ntchito ya kaundulayu. Kusinthaku n'kwenikweni ngakhale sikunathetse zonse. Chigamulo chimene chinatulutsidwa mu 2023 chinaonetsa kuti a FBI anafufuza molakwika maulendo oposa 278,000 m'nkhokwe ya mauthenga, ndipo mwa ofufuzidwawo munali anthu omangidwa pa zionetsero za imfa ya George Floyd komanso opereka ndalama ku kampeni ya wandale wina. Chosiyana n'chakuti tsopano anthu anazimva kuchokera ku khoti lenilenilo.

Nkhokwe imeneyi ikutikhudza ifenso. Inamangidwa pa gawo 702 la lamulo la 2008, limene limalola akazitape a America kutenga mauthenga a anthu a mayiko ena okhala kunja kwa dzikolo kuchokera ku makampani a intaneti, popanda chilolezo cha jaji pa munthu aliyense payekha. Mafayilo a Snowden anatchula Google, Facebook, Microsoft, Apple, Yahoo ndi ena pa ndondomeko yotengera mauthengawo yotchedwa PRISM. Munthu wa ku Mzuzu, Chipata kapena Tete amene ali ndi Gmail kapena Facebook ndi mlendo pamaso pa lamulo limeneli, ndipo zotetezera zambiri zimene nzika za kumeneko zinamenyera sizimufikira. WhatsApp imatseka mawu a uthenga kuti wapakati asawerenge, koma zoti ndani amalemberana ndi yani sizitsekedwa mofanana. Anthu a ku Ulaya anakana kukhala chete. Kudzera m'milandu imene anayambitsa Max Schrems wa ku Austria, khoti la European Union linathetsa kawiri, mu 2015 ndi 2020, mapangano otumizira zinsinsi za nzika zake ku America.

Kwathu kuno nkhani ya khutu la boma si yachilendo. Amene anakhalako m'nthawi ya chipani chimodzi amakumbukira kutsitsa mawu m'basi ndi kulemba makalata mosamala, ndipo amakumbukira anthu ngati a Jack Mapanje amene anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. N'chifukwa chake gawo 21 la malamulo aakulu a Malawi a 1994 limateteza makalata ndi mauthenga a pa lamya a munthu. Koma kuyambira 2018 nambala iliyonse ya foni imalembetsedwa pa chiphaso, ndipo ambiri a ife timalandira ndi kutumiza ndalama pafoni yomweyo. Buku lathu la pageti lili ndi mayina enieni tsopano. M'makhoti timamva za ma call log operekedwa ngati umboni, ndipo pa milandu ya kuphana kapena kuba zimenezi zimathandiza chilungamo. Chimene ndikanakonda n'chakuti aphungu athu azifunsa chaka ndi chaka, poyera, kuti apolisi ndi akazitape anapempha kangati zolembedwa zotere, anavomereza ndani, ndipo ndi mapempho angati anakanidwa. Manambala amenewa saulula pamene mlonda wabisala.

Njira ina yothandiza inaonekera ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito ndi kulembetsa ma SIM awo pansi pa lamulo la RICA, limene limayendetsanso kumvetsera mobisa. Mtolankhani Sam Sole wa bungwe la amaBhungane anamvetseredwa mobisa mu 2008 pamene ankatsata nkhani ya katangale yokhudza a Jacob Zuma. Ankaganizira ndithu, koma umboni anaupeza mu 2015, zolembedwa za zokamba zake ndi loya wa boma zitapezeka m'mapepala a mlandu wina. Anakasuma, ndipo pa 4 February 2021 khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula kuti RICA ili ndi zolakwika zikuluzikulu. Jaji wopereka zilolezo sanali woima payekha mokwanira, pempho linkamvedwa mbali imodzi popanda chotetezera wosakhalapoyo, panalibe malamulo omveka a kasungidwe ka zimene zajambulidwa, ndipo kukokolola mauthenga a anthu ambirimbiri nthawi imodzi kunalibe lamulo lokuloleza. Khotilo linapatsa aphungu zaka zitatu kuti akonze lamulolo. Podikira, linalamula kuti jaji aziuzidwa ngati woti amvetseredweyo ndi mtolankhani kapena loya, ndiponso kuti munthu aliyense amene wamvetseredwa azidziwitsidwa pasanathe masiku 90 chilolezo chitatha, pokhapokha jaji atakhutira kuti kumuuza panthawiyo kungawononge kafukufuku. Munthu wolandira kalata yotere angathe kupita nayo kwa loya n'kukafunsa kukhoti ngati panali chifukwa chokwanira, ndipo wapolisi wolemba pempho amadziwiratu kuti tsiku lina mwini foniyo adzawerenga zimene walemba.